Kolona ya a Chikakuda

Tiyamike, iwe ndiwe wandichititsa kuti ndilembe gawo ili. Pa Khirisimasi paja udakhala nane pakhonde n'kumandifotokozera ntchito yako ya makompyuta. Udati masiku ano uthenga uliwonse umamangiriridwa ku unzake wam'mbuyo ndi nambala yapadera, moti wina akasintha chilembo chimodzi chokha zonse zakutsogolo zimakana, ndipo chimene chimakuwawitsani mutu n'kupeza njira yotsimikizira msanga mzere wautali wotere popanda kuyambira pachiyambi. Unkayankhula pang'onopang'ono ngati ukuzonda wodwala. Ine ndidaseka, iwe n'kukhumudwa. Sindinkaseka iwe, mwana wanga. Ntchito imeneyo ndidaigwirapo ine ndi pensulo, m'mapiri a Ntchisi ndi Dowa, iwe uli kumsana. Uwerenge, ukatha uwapatsenso abale ako.

Ntchisi Boma, kumapeto kwa zaka za m'ma 1970

Ntchito yanga yoyamba idali ku ofesi ya chitukuko cha ulimi pa Ntchisi Boma. Adandilemba kuti ndizitayipa makalata, koma nditangofika adandiwonjezera wailesi ya mauthenga, chifukwa amene ankaiyendetsa adali atapuma. Chidali chibokosi chobiriwira cholemera ngati mwana wa ng'ombe, choyendera batire ya galimoto. M'mawa uliwonse ndinkaitana timaofesi tathu ta kumidzi, monga Chezi ndi Nachisaka, n'kuwerenga zimene abwana alamula. Ndikamaliza ndinkati "Ova," winayo n'kuyankha. Mawu amenewa adandilowa kwambiri moti tsiku lina nditapemphera kumsonkhano wa amayi, m'malo mwa "Amen" ndidati "Ova."

Abwana athu adali a Chikakuda. Asanabwere kuno ankaphunzitsa masamu pasukulu ya mishoni, ndipo adali mkulu wa mpingo kutchalitchi kwathu. Adali munthu wamfupi, wa tayi ngakhale mwezi wa Okutobala, woona mtima mochita kutopetsa. Chuma chawo chonse padziko lapansi chidali chimodzi: ankati chibadwire sadalakwitsepo samu. Asanayankhule ankakhosomola kaye pang'ono, kenako n'kuyamba ndi mawu akuti, "Kunena mwamasamu." Kunena mwamasamu, tiyi wachedwa. Kunena mwamasamu, mvula igwa. Vuto lidali lakuti aliyense paofesi, kuyambira mlonda mpaka madalaivala, ankatha kuwatsanzira bwinobwino.

Loweruka lina a Chikakuda adaima pafupi ndi msika kudikirira lole yathu imene inkayenera kubweretsa feteleza kuchokera ku Nachisaka. Lole idabweradi, koma siidaime. Idadutsa yodzaza amayi akululutira, mbuzi itamangidwa kumbuyo, mkwati ndi mkwatibwi atakhala kutsogolo pampando wa abwanawo. Anthu atawaona adakweza manja n'kufuula, "Zikomo abwana! Mulungu akudalitseni!" Lolemba adaitanitsa a Malizani, mlangizi amene ankayang'anira ofesi ya Nachisaka. A Malizani adali Mkatolika wonenepa, wansangala, wosakonda kudzivutitsa. Adalowa chipewa chili m'manja.

"Ndani adakulolezani kutumiza lole ku ukwati?"

"Inuyo, abwana. Pawailesi, Lachisanu."

"Ine?"

"Mudakhosomola, abwana. Mudati, kunena mwamasamu, lole ikanyamule anthu aukwati. Ine ndikadakana bwanji?"

Wailesi zathu zonse zinkamvana, ndiye mawuwo akadachokera ku ofesi ina iliyonse. Wotsanzirayo sadapezeke mpaka lero. Zidangodziwika pambuyo pake kuti mkwatibwi adali mdzukulu wawo wa a Malizani, koma iwo ankati zimenezo zidangochitika.

A Chikakuda adadzitsekera mu ofesi mwawo sabata yathunthu. Atatuluka adatisonkhanitsa, choko chili m'manja, n'kulengeza kuti kuyambira tsopano mauthenga athu adzamangidwa unyolo. Uthenga uliwonse wochoka ku Boma uzikhala ndi nambala kumapeto kwake. Kapezedwe kake kadali kotere: utenge nambala ya uthenga wam'mbuyo, uphatikizepo kuchuluka kwa zilembo za uthenga watsopano, uchulukitse ndi nambala yachinsinsi ya ofesiyo, kenako usunge manambala anayi akumapeto okha, akutsogolo onse utaye. Kutayako ndiye kudali nzeru yake, chifukwa munthu womvetsera pawailesi sakadatha kubwerera m'mbuyo kuti apeze nambala yachinsinsi ija. Nambalayo ankaidziwa a Chikakuda, ine, ndi woyang'anira ofesi yakumudziyo basi. Wolandira uthenga ankawerengera samuyo payekha. Zikafanana, uthenga ndi weniweni. Zikasiyana, sakuyenera kuchita chilichonse, ngakhale munthu wakeyo akhosomole bwanji. Uthenga uliwonse adautcha mphete, poti udali wokolekera pa unzake.

Sindinama, zidathandiza. Lole siidapitenso ku ukwati. Koma moyo udasintha. Kale uthenga unkayamba ndi moni, kufunsa za ana ndi za mvula. Tsopano popeza chilembo chilichonse chidali choti uwerenge, anthu adasiya ulemu. A ku Chezi adatumizapo lipoti la mwezi wonse lakuti, "Zilipo bwino." Kenako kudabuka mkangano wa ng'ombe. A ku Chezi ankawerenga kachizindikiro kali pakati pa g ndi o ngati chilembo, a ku Nachisaka ayi, ndiye uthenga uliwonse wonena za dibi unkakanidwa mbali imodzi. A Chikakuda adalemba chikalata cha masamba awiri kugamula nkhaniyi, koma palibe adachimvetsa. Alangizi adangogwirizana mwakachetechete kusiya mawuwo. Zaka zonse zimene ndidakhala kumeneko, pawailesi yathu padalibe ng'ombe. Padali ziweto zazikulu.

Chondiliza ine chidali china. Pakatha miyezi itatu iliyonse, maofesi onse ankabweretsa mapepala a mauthenga amene adalandira, ndipo ine ndinkayenera kuwerengeranso unyolo uliwonse kuyambira mphete yoyamba penipeni, ya sabata ya ukwati ija, mpaka yadzulo. A Chikakuda ankati mphete yalero siingakhale yoona ngati yadzulo sitidaitsimikize, yadzulo nayo yadalira yadzana, mpaka kumayambiriro. Chaka choyamba zinkatheka. Chaka chachitatu mapepala adadzaza makatoni, ndipo ndikalakwitsa pamodzi pakati, manambala onse akutsogolo ankasokonekera, n'kuyambiranso. Mapensulo adasowa m'boma lonse, ndiye tinkadula imodzi pakati kugawana. Ndinkalota manambala. Abambo anu, amene nthawi imeneyo adali atangondifunsira, ankati ndikamawayang'ana pakamwa amachita kuona kuti ndikuwerenga zilembo za mawu awo achikondi.

Ntchisi Boma, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980

Pamsonkhano wina wa alangizi, a Malizani adandiona ndili kuseri kwa makatoni, mutu wokha ukuoneka. Adakweza mkono.

"Abwana, ndili ndi kaganizo. A Nambewe tiwapha ndi masamuwa."

"Nenani."

Adapisa m'thumba n'kutulutsa kolona, mikanda ija Akatolika amapempherera. "Ife kwathu, mikanda ing'onoing'ono ikakwana khumi pamabwera waukulu. Ndiye ukamapemphera n'kuwodzera, sukabwerera kumtanda kukayambiranso. Umangobwerera pamkanda waukulu umene udadutsa uli maso. Bwanji unyolo wathu osauika mikanda ikuluikulu?"

"Ndiye kuti mumawodzera popemphera?"

"Kawirikawiri, abwana. N'chifukwa chake ndikuidziwa bwino njirayi."

Anthu adaseka, koma a Chikakuda nkhope idachita mdima. Kuyerekeza masamu awo ndi kolona, pamaso pa gulu, iwo mkulu wa mpingo! Adati ofesi ya boma si parishi, ndipo ulesi ungavale chovala chachipembedzo koma ndi ulesi ndithu. Nkhani idathera pomwepo.

Chaka chotsatira ndidapita kutchuthi cha uchembere, kukabereka iwe Tiyamike. Nthawi yowerengera unyolo idakwana ine ndili kunyumba. Popeza nambala zachinsinsi sakadapatsa munthu wina, a Chikakuda adati palibe vuto, awerengera okha, ndipo atisonyeza mmene ntchito imagwiridwira. Patapita masabata angapo ndidamva odi pakhomo. Adali iwo, atanyamula nkhuku ya mwana, tayi itapotoka, maso ofiira, m'mphepete mwa dzanja muli bii ndi pensulo. Adakunyamula pang'ono, kukuyamikira, kenako adafunsa ngati akungocheza.

"A Nambewe, makatoni aja mumawamaliza onse?"

"Onse, abwana."

"Nokha?"

"Nanga ndi yani?"

Adayang'ana kumapiri. Sadalakwitse samu ngakhale imodzi, adatero, koma adali asanafike ndi theka lomwe, ndipo mayi akunyumba adali atayamba kufunsa ngati ali ndi banja lina ku ofesi.

Nditabwerera kuntchito ndidapeza lamulo latsopano pakhoma. Pakutha pa mwezi uliwonse, woyang'anira ofesi yakumudzi azibwera ku Boma, iye ndi abwana aziwerengerana nambala yomaliza maso ndi maso, onse n'kusainira. Nambala imeneyo izitchedwa chikhomo. Chikhomo chikakhomedwa, zam'mbuyo mwake sizifunikanso kuwerengedwa, wotsimikiza aziyambira pachikhomo chomaliza. Ntchito ya milungu idasanduka ya kanthawi kochepa. Ngakhale makoswe atadya pepala, chotayika chidali cha mwezi umodzi wokha. Pansi pa lamulolo adalembapo kuti njirayi adaipeza okha atasinkhasinkha mozama. A Malizani adawerenga, n'kuchita chizindikiro cha mtanda. Koma kuyambira tsiku limenelo palibe adatchulapo chikhomo. Kuchokera ku Chezi mpaka ku Ntchisi, anthu ankati kolona ya a Chikakuda. Adaletsa dzinalo kangapo konse, ndipo kuletsako ndi kumene kudalifikitsa mpaka kutchalitchi, kumene abusa adawafunsa mwaulemu ngati pali chimene akufuna kuuza mpingo.

Nachisaka, pakati pa zaka za m'ma 1980

Abambo anu atawatumiza kukaphunzitsa ku Nachisaka, ndidapempha kusamuka ndipo adandilola. Ndidakhala kalaliki wa a Malizani. Tsopano ndidali mbali yolandira mauthenga. Ofesi yathu idali ya zipinda ziwiri pamtunda, nyumba yosungira mbewu ili kumunsi kwake. Chaka chimene ndikunenachi mbewu ya mtedza idasowa kwambiri. Ife tidalandira yochepa, yongokwanira makalabu a alimi athu, ndipo uthenga wochokera ku Boma, umene ndidautsimikiza ndekha, udati tigawe Lachinayi. Mvula yoyamba idali itagwa, nthaka ili yofewa, anthu akungodikira. Mtedza ukachedwa kubzala, ndiye kuti chaka chapita. Batire ya wailesi idali itafa, ina isanabwere, ndipo msewu udali phala lokhalokha.

Lolemba la sabata imeneyo kudafika a Tcheyamani a chipani a dera lathu, ndi anyamata awo awiri, matope mpaka m'mawondo. Inu obadwa mochedwa simungamvetse. Nthawi imeneyo chipani chidali chimodzi, ndipo munthu ngati ameneyu akakuloza chala, unkatha kusowa anthu osafunsa n'komwe. Ngakhale pamsika sunkalowa wopanda khadi la chipani. Adakhala pampando wa a Malizani osapatsidwa, n'kutulutsa pepala. Lidali lotayipidwa pamakina a ku Boma amene ndinkawadziwa ngati dzanja langa, chidindo chake chenicheni, siginecha ya a Chikakuda yeniyeni. Lidati mbewu yonse ya mtedza ikwezedwe palole n'kuperekedwa kwa a Tcheyamani, ikakhale mphatso ya dera lathu pamsonkhano waukulu umene unkabwera. Pansi padali nambala ya unyolo, yolembedwa pamanja.

Ndidati ndikawaphikire tiyi, n'kulowa chipinda cham'kati ndi pepalalo. Kuchokera pachikhomo chomaliza padali mauthenga ochepa chabe. Madzi asanawire ndidali nditamaliza. Nambala siidafanane. Ndidabwerezanso, ndikuwerenga chilembo chilichonse ndi nsonga ya pensulo. Siidafanane. Ndidapereka tiyi, kenako ndidakodola a Malizani, tidakakumana kuseri kwa ofesi pansi pa nthochi.

"Yakana," ndidatero.

"Yakana bwanji? Siginecha ndi yawo."

"Siginecha ndi yawo, nambala si yake."

Thukuta lidayamba kuwatsika. "A Nambewe, ine ndili ndi ana asanu ndi awiri. Tiwapatse basi. Pepala lilipo, ife tilibe mlandu."

"Nanga Lachinayi alimi tikawauza chiyani? Amayi aja asiya minda yosabzala chifukwa tidawalonjeza."

"Ndiye mukufuna mukawauze a Tcheyamani kuti pepala lawo ndi labodza? Mukudziwa kumene amapita anthu onena zotero?"

Ndinkadziwa. Ndidaganiza za iwe, za abambo anu ndi ntchito yawo. Ndidaganizanso za a Chikakuda, kuti chibadwire sadalakwitsepo samu, ndipo lero nambala yolembedwa ndi dzanja lawo ikukana. Sindidadziwe tanthauzo lake. Chimene ndinkadziwa n'chakuti lamulo lidati zikasiyana usachite kanthu, ndipo uthenga womaliza wotsimikizika udati tigawe Lachinayi.

"Sindikawauza kuti ndi labodza," ndidatero. "Ndikawauza kuti ndi lofunika kwambiri."

Ndidalowa, ndidagwada, n'kuyankhula ndi mawu anga a kutchalitchi. Ndidati uthenga uliwonse timautsimikiza tisanachite kanthu, ndipo mauthenga wamba, a dibi ndi a makasu, timangowadutsa mwachidule. Koma uthenga wokhudza mphatso ya msonkhano waukulu chotere, wobwera ndi munthu wamkulu chotere, kungakhale kunyoza kuutsimikiza mwachidule. Uyenera kuwerengedwa mwa njira yonse, kuyambira mphete yoyamba. A Tcheyamani adawongola khosi.

"Zimenezo n'zoona," adatero. "Zinthu za akuluakulu sitichita mothamanga. Zitenga nthawi yaitali bwanji?"

"Zimadalira, bambo. Mapepala ake ndi awa."

A Malizani adayamba kutulutsa makatoni akale, ena atadyedwa ndi chiswe, n'kuwaunjika mpaka pazenera. A Tcheyamani adawayang'ana, n'kumeza malovu. Koma adali atavomera kale pamaso pa anyamata awo. Adavula jekete n'kunena kuti atithandiza, poti kusukulu masamu ankakhoza kuposa onse.

Ana anga, masiku amenewo sindidzawaiwala. Nambala yachinsinsi sindikadawapatsa, ndiye ntchito yawo idali kuwerenga zilembo, ine n'kumachulukitsa. A Tcheyamani ankawerenga mokweza, chala chili papepala. Anyamata awo ankabwereza pambuyo, ndipo atatuwo sankapeza nambala imodzi. Aliyense ankaumirira yake, ndipo ine ndinkati popeza nkhaniyi ndi yaikulu, tibwerezenso. Titafika pamauthenga akale aja a ng'ombe, mkangano udabuka wokha, ine osaukoleza. A Tcheyamani adati kachizindikiro kaja ndi chilembo. Mnyamata wawo wina adati si chilembo. Adamufunsa ngati akutsutsana ndi chipani. Mnyamatayo adati ndi chilembo. Alendowo ankagona kwa a Malizani ndipo ankadya nkhuku zawo. M'mawa uliwonse a Malizani ankandinong'oneza kuti yapita ina, yamawanga ija, yoikira ija, ngati akulengeza maliro.

Koma a Malizani, atachira mantha awo, adachita chinthu chimene ine sindikadachiganiza. Adauza akazi awo, akazi awo adauza amayi a kuparishi, amayi a kuparishi adauza a mpingo wathu pachitsime, kuti a Tcheyamani abwera kuchokera kutali, wapansi, m'matope, kudzaona ndi maso awo kuti alimi alandira mbewu mwachilungamo. Lachinayi m'mawa tili pakatoni yachiwiri tidamva nyimbo ikukwera mtunda. Makalabu onse adabwera, amayi atavala nsalu za chipani, akuimba ndi kutchula dzina la a Tcheyamani. Adali amayi omwewo amene a Tcheyamani ankawadalira kukavina pamsonkhano. Adawazungulira pakhomo, kuwayalira nsalu pansi, kuwatsogolera mpaka kunyumba ya mbewu. Mayi wina wachikulire adawagwira dzanja n'kunena, "Ena amangotuma, koma inu mwabwera nokha. Ndinu bambo wathu."

A Tcheyamani adandiyang'ana. Adayang'ana a Malizani, amene ankayang'ana kumwamba. Adatsegula pakamwa, nthungululu n'kuwatsekereza. Munthu akadatani? Adakwera pampando n'kuyankhula bwino kwambiri za ubwino wobzala msanga, ndipo thumba loyamba adapereka ndi manja awo. Pofika masana m'nyumbamo mudatsala fumbi ndi makoko.

Anthu atabalalika adabwera patebulo langa. Sadakweze mawu, ndipo chimenecho ndicho chidandiopsa.

"Mayi, samu yanu mwamaliza?"

"Tatsala pang'ono, bambo."

"Musavutike. Tikaimalizira kwina."

Adakwera lole ya ofesi yathu, yopanda kanthu, n'kupita ku Boma, anyamata akukankha m'malo oterera. Apa kuseka kudatha. Loweruka ndidakupereka kwa agogo ako, ndidalongedza kachikwama ka zovala n'kukaika pafupi ndi chitseko. Abambo anu sadandidzudzule, koma ankangotuluka ndi kulowa. Lamulungu a Malizani adapita kukalapa machimo onse, ngakhale amene adali atalapa kale.

Sabata yotsatira kudafika galimoto. Mudatsika a Tcheyamani, anyamata awo, ndi a Chikakuda. Anthu adasonkhana chapatali. A Chikakuda sadandipatse moni. Adaitanitsa pepala lija ndi chikhomo chomaliza, adakhala pansi n'kuyamba kuwerengera, tonse tili chiimire. Atamaliza adaimirira, kukonza tayi, kukhosomola.

"Kunena mwamasamu," adatero, mawu n'kuwathera. Adayambiranso. "Kunena mwamasamu, nambala ili papepalayi ndi yolakwika. Mayiwa sakadapereka mbewu kwa a Tcheyamani. Adatsata lamulo. Wolakwa ndine. Ndidalakwitsa pochulukitsa."

A Malizani chipewa chidawagwa. A Tcheyamani adayandikira, dzanja lili kukhutu.

"Mwati chiyani, aphunzitsi?"

"Ndati ndidalakwitsa."

"Samu?"

"Samu."

Nkhope ya a Tcheyamani idayamba kuwala pang'onopang'ono ngati dzuwa likutuluka kuseri kwa phiri. Apa m'pamene tidadziwa kuti adali mwana wa sukulu wa a Chikakuda, ndipo masamu amene ankati ankakhoza kuposa onse aja adawadyetsa zikwapu zaka zitatu m'kalasi imodzi. Adaitana anthu amene adaima patali aja kuti ayandikire. Adawauza a Chikakuda kuti abwereze, anthu amve. A Chikakuda adabwereza, maso ali pansi. A Tcheyamani adaseka mpaka kukhala pansi pakhonde, akupukuta misozi, akutchula dzina la mnzawo wina wa m'kalasi amene ankalakalaka akadakhalapo. Za mtedza sadazitchulenso tsiku limenelo. Adapita kumsonkhano ndi mphatso ina imene adakasonkhetsa kwina, ndipo kulikonse kumene ankafika, nkhani yawo idali imodzi: aphunzitsi aja alakwitsa samu, ine ndilipo.

Ine ndidamasula kachikwama kaja, n'kukakutenga kwa agogo ako. Koma nkhani siidathere pakuseka. Pasanapite nthawi kalata idabwera yowasamutsa a Chikakuda kupita kuchigwa chotentha cha kummwera, kutali ndi kwawo, paudindo wocheperapo. Chifukwa chake sichidalembedwe. M'misika ana ankawatsanzira akamadutsa, osati kukhosomola kokha tsopano, komanso mawu aja akuti ndidalakwitsa.

Pakutha pa mwezi ndidapita ku Boma ndi a Malizani kukakhoma chikhomo chawo chomaliza. Katundu wawo adali atamangidwa kale. Titasainira adauza a Malizani kuti akaone ngati dalaivala wabwera, ndipo tidatsala awiri. Adadzuka, kusuzumira pazenera, kutseka chitseko.

"A Nambewe, inu mumakhulupirira kuti ine ndidalakwitsa samu ija?"

"Mudanena nokha, abwana, pamaso pa anthu."

Adagwira pachifuwa ngati ndawabaya. Kenako adatsitsa mawu. "Munthu uja adaima pamutu panga ndi anyamata ake. Kukana sindikadatha. Ndidatayipa, ndidadinda, ndidasaina. Ndiye pofika panambala ndidati ndilakwitse dala. Ndidawerengera, yankho n'kutuluka lolondola. Ndidafufuta. Ndidawerengeranso, lolondola. Dzanja linkakana, a Nambewe. Pomaliza ndidachita kutsinzina. Sindidagwirepo samu yovuta ngati imene ija. Atangotuluka ndidagwada pansi pomwepa kupemphera kuti musakhale mutatengera ulesi wa a Malizani."

"Nanga ndikadapanda kuwerengera?"

"Ndiye alimi akadagona ndi njala, ine n'kudziwa kuti ndidakuphunzitsani pachabe."

Ndidafuna kuwathokoza, koma adakweza dzanja kundiletsa. Adati nkhaniyi ndisauze munthu aliyense, ngakhale abambo anu, chifukwa ikamveka tonse tikathera kumodzi. Ndidalonjeza. Nditafika pachitseko adandiitananso.

"Koma ndikadzamwalira, zinthu zitasintha, mudzawauze anthu. Sindikufuna kukagona kumanda ngati munthu wolephera kuchulukitsa."

Sindidawaonenso. Adamwalira kalekale, zinthu zidasintha, ndipo ine ndachedwa kwambiri. Tsono imvani, ana anga, ndipo mukauze aliyense wa ku Ntchisi kapena ku Dowa amene akuikumbukira nkhaniyi mwa mtundu wina. A Chikakuda sadalakwitse samu ija.